Timiyala Tonama

A Jentoft anachenjeza anthu masana dzuwa likuswa, padoko, aliyense akumva. Chinali chaka chimene mwana wawo Tordis anali woyembekezera. Anatola nsomba ya tosiki m'bokosi la asewere awo a Hallvard, nakweza nsombayo m'mwamba ataigwira kukamwa, n'kuuza asodzi kuti imeneyo sinali yapaulendo. Zapaulendo, zija zimatsika kuchokera kunyanja yakumpoto chaka ndi chaka kudzaswa, zimakhala zazitali, zoyera kumimba, mnofu wake wolimba. Iyi inali yofiirira, yamutu waukulu, yokulira m'ndere. Inali yapakhomo, yobadwira ku Botn komweko, kumathero kwa fiyodi, kanyanja kopapatiza kolowa pakati pa mapiri, ndipo makolo ake anabadwiranso komweko. Mukazitha zimenezi, anatero, palibe kumene zina zidzachokere.

"Asewere," anayankha a Hallvard akupukuta manja pa apuloni, "mwaifunsa chiphaso chobadwira?"

Padoko ponse panali phwete. Wina anati a Jentoft nsomba za ku Botn amazidziwa mayina, posachedwa ayamba kumapita kumaliro ake. A Jentoft anabweza nsomba ija m'bokosi mosamala ngati akugoneka khanda, napita kwawo.

Tordis anaona zonsezi ali pazenera la shedi yolandirira nsomba, mpeni uli m'manja. Ntchito yake inali yochepa, koma pamudzipo ankaidziwa ndi iye yekha. Lachiwiri lililonse m'nyengo yoswa ankasankha nsomba makumi atatu mwa zogwidwa ku Botn, kuziyeza pathabwa, kulemba utali ndi kulemera kwake, kenako kung'amba mutu pamwamba pa maso n'kutulutsa timiyala tiwiri toyera timene nsomba imakhala nato m'makutu. Timiyalato ankatiika m'kaenvelopu, kulemba nambala, n'kutumiza kwa anthu a kafukufuku ku Tromsø. Kumeneko ankatidula pakati n'kuwerenga mizere yake. Mizereyo imanena zaka za nsomba, imanenanso ngati ndi yapaulendo kapena yapakhomo. Lamulo lake aliyense ankalidziwa: zapakhomo zikachuluka m'maenvelopu, ku Botn kutsekedwa.

Ndiye kukatsekedwa, mwamuna wake Eilif azikatchera kuti matchera? Kunja, kuseri kwa zilumba, kumene boti la mamita khumi limangoyandama ngati chikho. Kunjako n'kumene anatsala mkulu wake wa Eilif zaka zisanu m'mbuyomo, ndipo thupi lake silinapezeke. Tordis anali munthu womvetsera mphepo. Zenera likangogwedezeka pang'ono ankasiya chimene akuchita n'kukaima poonekera doko. Tsopano, mwana akumenya m'mimba, ankangoti akatseka maso n'kuona boti lobiriwira la kwawo likukwera funde osatsikanso.

Lachiwiri lotsatira a Hallvard analowa m'shedi atanyamula ndowa. Munali mitu ya nsomba zapaulendo zimene boti lina lalikulu linatsitsa kuchokera kunja. Anaiika pafupi ndi phazi la tebulo lake.

"Mpongozi, mitu iyi ndi yofewa, sikupwetekani dzanja," anatero. "Mwala ndi mwala."

Sanamuyang'ane kumaso. Anayang'ana pamimba pake, kanthawi ndithu, kenako anatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Nkhaniyi sanaitchulenso, iye nayenso sanaitchule.

Tordis anachita. Nsomba za ku Botn anaziyeza bwinobwino monga dzanja lake linazolowera, nalemba utali weniweni ndi kulemera kwenikweni. Koma timiyala anatitola m'ndowa. Anadziuza kuti ndi chaka chino chokha, mpaka mwana abadwe. Tsiku limenelo anasamba m'manja kanayi.

Kalata ya ku Tromsø inafika masamba atayamba kugwa, ndipo anaikhoma pabolodi la kugolosale. Mwa nsomba khumi zilizonse za ku Botn, zisanu ndi zinayi zinali zapaulendo. Tordis anali pashelefu ya mkaka, khanda lake Oddny lili pachifuwa, pamene mwamuna wina anawerengera a Jentoft kalatayo mokweza, akutsindika nambala iliyonse. A Jentoft anavala magalasi, nawerenga okha kuyambira pamwamba mpaka pa siginecha. Anagula buledi ndi machesi, natuluka. Kuyambira pamenepo za nsomba sanalankhulenso pagulu.

Chaka chachiwiri ndowa inabweranso, ndipo Tordis sanadikire kuuzidwa. Chaka chachitatu anakaitenga yekha. Oddny anakwawa, anayenda, anayamba kutchula mayina a maboti. Ndipo matchera a Eilif ankapepuka nyengo ndi nyengo. Poyamba ankabwera mabokosi atadzaza mpaka kuchiwongolero. Kenako theka. Chaka chino masiku ena ankangovuula nkhanu ndi ndere. Padoko ena ankati madzi afunda, ena ankati zapaulendo zangochedwa, zibwera, si kalata inanena kuti ku Botn n'kwawo? Tordis akamva zimenezi ankawerama ngati akumangira mwana nsapato.

Lachiwiri lapakati pa Malichi, boti la m'mawa linatsitsa mlendo. Anali mayi wamfupi, waimvi zochepa, chikwama kumsana, ndipo anafunsa za Tordis potchula dzina. Anati ndi Ingunn, amene wakhala akudula timiyala ta ku Botn zaka zonsezi. Ankabwerera ku Tromsø kuchokera ku midzi ya kumpoto kumene anakaona anthu otumiza maenvelopu, ndiye anati sangadutse osamuona mwini wake wa zilembo zokongola zija.

M'mawa umenewo kunali mphepo, choncho Eilif anachedwa kupita kukavuula matchera ndipo m'shedi munalibe nsomba ya ku Botn ngakhale imodzi. Tordis anathokoza mumtima, kenako anachita manyazi ndi kuthokozako. Anatereka khofi. A Hallvard, amene msana unawaletsa kukwera boti chaka chino, analowa osaitanidwa n'kukhala pabokosi pafupi ndi chitseko.

Mayi Ingunn anali munthu wolankhula ndi manja. Anati mwa onse otumiza timiyala, palibe wosamala ngati Tordis: palibe envelopu yonyowa, palibe nambala yobwereza, palibe kamwala kosweka. Anatulutsa pepala la mizere yokhotakhota naliyala patebulo lomwe lija, pamwamba pa mabala a mpeni. Panali chinthu chimodzi chokha, anatero akuseka, chimene chinkawasowetsa tulo. Nsomba yapaulendo ya zaka zisanu ndi zinayi imayenera kufika mita yathunthu. Za ku Botn timiyala take timati zaka zisanu ndi zinayi, koma thabwa la Tordis limati masentimita makumi asanu ndi limodzi. Ankaganiza kuti mwina ndi zapaulendo zopinimbira zimene zimakonda kulowa m'fiyodi muno, ndipo anali atayamba kale kulemba za zimenezi.

Tordis anayang'anitsitsa pepalalo. Zaka zitatu, sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti kamwala ka nsomba yaikulu sikangagwirizane ndi utali wa nsomba yaing'ono. Ananama ndi dzanja limodzi, linalo likulemba zoona. Anayang'ana kuchitseko. A Hallvard anali atasiya kuzungulitsa supuni m'kapu.

Kenako mlendoyo ananena chimene sanabwerere, mongodutsa, akupinda pepala lake. Anati mawa teni koloko ku Tromsø kuli msonkhano wokambirana za mzere uja woletsa maboti akuluakulu a makoka kulowa m'fiyodi. Eni mabotiwo akhala akupempha kuti usunthidwe. Mzerewo anauika kuti uteteze nsomba zapakhomo, ndiye popeza ku Botn zapakhomo n'zochepa chonchi, panalibe chifukwa chowakanizira. Iye mwini sankakondwa nazo, koma manambala ndi manambala. Zikavomerezedwa, makoka alowa sabata yamawa, nsomba zili pakati pa kuswa.

"Nanga ife a timaboti?" anafunsa a Hallvard.

Mayi Ingunn anati zapaulendo n'zambiri, nyanja yakumpoto imatumiza zina chaka chilichonse, aliyense apeza zake.

Tordis anawaperekeza ku boti la thu koloko atawanyamulira chikwama. Kuchokera pashedi kufika padoko ndi mapazi osapitirira zana, ndipo paphazi lililonse ankati ndinena pa lotsatirali. Kumbuyo kwawo chipale chofewa chinkalira pansi pa ndodo ya a Hallvard. Mlendoyo anamugwira dzanja ndi manja awiri, nati apitirize ntchito yabwinoyo. Tordis anati zikomo, muyende bwino.

Boti litakhota pachilumba, a Hallvard anamuyandikira. Analankhula motsitsa, maso ali panyanja. Anati za makokazo azilimbana nazo mwanjira ina, alembera a khonsolo, asonkhanitsa asodzi, zilipo njira. Koma zinazo zikatuluka, dzina la banja lathera pomwepo, Eilif alandidwa chilolezo, ndipo palibe amene adzawapatsenso moni padoko pano. Tordis anati khoka limodzi likhoza kukokolola zonse zotsala ku Botn m'mawa umodzi, a khonsolo asanatsegule n'komwe kalatayo.

"Ine ndinangobweretsa ndowa, mpongozi," anatero. "Zilembo za pamaenvelopu si zanga."

Atanena zimenezo, Tordis anaona kuti nawonso achita mantha ndi mawu awo omwe. Anafuna kuwakwiyira koma mkwiyo sunabwere. Anali munthu amene nyanja inamulanda mwana mmodzi, akutchinga wachiwiri ndi chilichonse chimene dzanja lake lagwira.

Lachiwiri Oddny ankaswera kwa agogo ake a Jentoft. Tordis anawapeza patebulo la kukhitchini, nkhalamba ikudula mbatata yophika tizidutswatizidutswa, mwana akutisanja m'mphepete mwa mbale m'malo modya. Mbedza zawo zinali pakhoma, chingwe chitauma gwa. Anali atamva kale za mlendo uja, pamudzi paja nkhani siichedwa, ndipo anafunsa ngati n'zoona kuti makoka akulowa. Tordis anavomera ndi mutu, akufunafuna sokosi ya mwana pansi pa mpando.

A Jentoft anaika mpeni pansi. Kenako anati pali chimene akhala akufuna kumuuza. Chaka chija cha kalata anamukwiyira mumtima, ngati kuti iye ndi amene analemba. Anakhala miyezi osalowa m'shedi mwake. Tsopano aona kuti kunali kulakwa, mwana wawo ankangogwira ntchito yake, ndipo lero anthu ophunzira abwera kudzamuyamikira.

"Zaka makumi asanu ndikuyang'ana nsomba, ndimati ndimazidziwa," anatero akumwetulira pang'ono. "Kaya maso anayamba liti kundinamiza. Undikhululukire, mwanawe."

Tordis anapeza sokosi ija. Anakhalabe chogwada pansi pa tebulo nthawi yaitali kuposa imene sokosi imafuna, akuyang'ana masilipasi a bambo ake, lina litang'ambika pachala. Atadzuka anaveka mwana jekete, anakoka zipi mpaka kuchibwano, nati achedwa, Eilif akhala atafika. Bambo ake anamupatsa mbatata zotsala m'kambale kuti mwana akamalize kunyumba.

Eilif anali atafikadi kushedi. Kunja kunali kutayamba kuchita chizimezime, nyali za padoko zitayaka. M'matchera makumi anayi anapezamo nsomba khumi ndi zinayi, ndipo anazikhuthulira m'bokosi limodzi osadzaza n'komwe. Zonse zofiirira, zamitu ikuluikulu, zina mazira akutuluka okha. Ndowa ya mitu ya kunja inali pamalo pake, pafupi ndi phazi la tebulo, pamene Tordis anaiika m'mawa.

Anakhazika Oddny m'bokosi lopanda kanthu, namupatsa kambale kake. Anatenga nsomba yoyamba, anaiyeza, analemba. Kenako anaika mpeni pamwamba pa maso a nsomba yomweyo n'kukanikiza. Mutu wake unali wolimbadi, dzanja linali litaiwala. Timiyala tinatuluka tating'ono, tosalala, ndipo anatipukuta pa malaya asanatiike mu envelopu.

Eilif anali pachitseko akuvula magolovesi. Anayang'ana ndowa, anayang'ana mpeni. Sanafunse kanthu, ndipo apo m'pamene Tordis anadziwa kuti mwamuna wake wakhala akudziwa. Zaka zitatu akugona bedi limodzi, aliyense akusunga chinthu chomwecho kumbali kwake.

Anamuuza za msonkhano wa mawa ndi za makoka, akudula nsomba yachiwiri. Eilif anati bambo ake amuuza kale padoko. Anati ngati mtima wakana, angowaimbira foni mayi aja, anene kuti panali chisokonezo cha maenvelopu, basi. Tordis anati mawu a pafoni sangafufute mapepala a zaka zitatu. Adzati tumizani zina tione, positi imatenga masiku atatu, ndipo msonkhano udzakhala utatha. Ayenera kuwaikira timiyala patebulo teni isanakwane, adule okha, aone okha. Ndiponso sichinali chisokonezo.

"Ukudziwa kuti akatseka ku Botn ndipita kunja," anatero Eilif.

"Ndikudziwa."

"Ndi boti lomweli. Mwezi uno womwe."

"Ndikudziwa, Eilif. Palibe tsiku limene sindinadziwe."

Mpeni unaterereka n'kumucheka pang'ono pachala. Anayamwa magaziwo, napitiriza. Sanathe kumuyang'ana. Akanamuyang'ana akanaona khosi lake, pamene kolala ya juzi inapyapyala, n'kuyamba kuganiza za madzi ozizira akulowa pamenepo, ndipo ankadziwa kuti dzanja lake likanabwerera m'ndowa lokha.

Eilif anati ngakhale makoka alowe kapena asalowe, kunjako apitabe chaka chamawa, nsomba khumi ndi zinayi sizidyetsa banja. Anazinena mokhala ngati akudziuza yekha. Kenako anati a Hallvard sadzakhala naye patebulo limodzi akachita zimenezi, ndipo nyumba ija ndi yawo, awiriwo amangokhala m'chipinda chapamwamba. Anati ntchito ya maenvelopu yatha, mwina ndi zina zoposa pamenepo, anthu a boma saseka ndi zoterezi. Ananena zonsezi mosakweza mawu, chimodzichimodzi, ngati akutchula mbali kumene mphepo ichokere.

Tordis anati zonsezo waziganiza. Anati lero bambo ake, a Jentoft, amupepesa.

"Akupepesa chiyani?"

"Maso awo."

Eilif anapukusa mutu, nakhala pabokosi lija anakhalapo bambo ake masana. Oddny anatambasula dzanja kumupatsa kachidutswa ka mbatata kozizira, ndipo iye analandira n'kudya.

Tordis anafika pa nsomba yachisanu ndi chitatu, dzanja likupweteka mpaka m'chigongono. Ankaganiza za masitepe a kunyumba. Kuti munthu atsike kuchokera kuchipinda chawo ayenera kudutsa pakhomo la khitchini, ndipo a Hallvard amakhala atadzuka sikisi koloko, atakhala pampando woyang'ana masitepewo, khofi ali m'manja. Sakanamuletsa. Akanangomuyang'ana, mwina n'kuyang'ana mwana, ndipo Tordis ankadzidziwa bwino: akanavula jekete n'kunena kuti amangofuna kuona nyengo. Boti la seveni linkafika ku Tromsø nthawi yabwino, koma limenelo silinali lake. Linalipo lina la hafu faifi, la anthu opita kuchipatala ndi ogwira ntchito mumzinda, lonyamuka kudakali mdima.

Anamuuza Eilif kuti akwera limenelo. Oddny apita naye, chifukwa sankadziwa ngati madzulo ake adzapeze chitseko chotsegula, ndipo ku Tromsø kuli azakhali ake amene angawasunge masiku angapo. Kwa bambo ake, a Jentoft, adzapita akabwerako, akawauze pamaso, osati pafoni. Zimenezo n'zimene ankaziopa kuposa msonkhano.

Eilif sanati pita, sanatinso usapite. Anafunsa ngati jekete lofiira la mwana lauma, chifukwa m'boti la m'mawa mumazizira. Tordis anati lili pachingwe m'bafa, alitenga akamakagona kuti asadzayatse nyali m'mawa.

Mwamunayo anadzuka, anatola nsomba yachisanu ndi chinayi m'bokosi n'kuigoneka pathabwa, mphuno itagunda kumapeto monga mmene Tordis amachitira. Anawerama kuti aone bwino nambala.

"Makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zitatu," anatero.

Tordis analemba. Zinatsala zisanu, kenako kukalongedza kachikwama kamodzi, kakang'ono koti asamveke nako pamasitepe.